Moto Woyenda Pansi pa Nkhanambo

Magetsi athima kuyambira m'mawa kuno ku Chinsapo.
Sungeni wamata kandulo pachivindikiro cha botolo,
akuwerenga mokweza, mayeso ali Lolemba.
Ine ndikupala phula m'zikhadabo ndi kamtengo ka machesi.

"Ababa, tamverani izi.
Kuli maiko kumene nthaka imang'aluka ngati chidendene m'chilimwe,
mumng'alumo n'kutuluka mwala wosungunuka,
wofiira ukali wamoyo, wakuda bii ukazizira.
Suchita kuphulika. Umangotumphuka ngati kasupe,
n'kuuyamba ulendo."

Ndati: pachidikha ngati pathu pano ungapite kuti?
Ngakhale madzi a mvula amasowa kolowera mu Lilongwe muno,
amangoima pakhomo mpaka achule atabwera.

"Funso lake ndi lomwelo," akutero.
"Umayenda bwanji mtunda ngati wa kuno ndi ku Salima
osauma panjira?"

Akutsata mzere ndi chala.
Pamwamba ndipo pamayamba kuuma, akuti, mphepo ikapanyambita.
Pamachita nkhanambo.
Nkhanamboyo ndiye chofunda:
pansi pake moto sutaya kutentha,
umadzikumbira mpita, n'kumayenda mumdima osaonedwa.
Kutsogolo kokha n'kumene kumatuluka kachala kofiira.
Kamatupa, kamachita khungu, kamaima.
Kumbuyo kukukankhabe.
Khungu ling'ambika pambali, kachala kena ako,
ndipo denga lonse limakwera mwakachetechete
ngati mtanda wa mandasi wofunditsidwa nsalu.

Ndaleka kupala zikhadabo.

Mwanawe, zimenezo ndimazidziwa popanda buku.
Tipa ikamanyamuka kokazingira phula mbandakucha
timaifunditsa lona, zingwe n'kukoka zolimba.
Ikakhuthula pamsewu, pamwamba pa mulu pamaoneka pofatsa,
koma talowetsa fosholo:
utsi, fungo, nkhope yonse kuwawuka.
Tsiku lina Dzoole, mnyamata waganyu,
anaponda mulu umene ankauyesa wozizira.
Jombo inatsala momwemo.
Mpaka lero amayenda ngati akuwerenga nthaka.

Ndipo ukamanena za chidikha,
pamene tinkafika kuno ndi amako
kuseri uku kunali mtedza ndi zigafa za fodya.
Palibe anamva kuphulika.
Wina anangoumba njerwa zake, kanyumba kamodzi kopanda chitseko.
Kanauma. Pambali pake panatuluka kena.
Kenako okala, chigayo, tchalitchi cha malata,
lero ndife tikuthira phula pamene panali mizere ya mbatata,
mzinda ukutupabe, cha ku Njewa, cha ku Nanjiri,
kachala ndi kachala,
ukukankhidwa ndi china chotentha chochokera kutali kumidzi
chimene woyenda pamsewu sangachione.

Sungeni akuseka.
"Zimenezo ndikalemba andichotsera malikisi."

Watsegula tsamba lina.
"Gwero likaphwa, moto wotsalira umatsetsereka n'kupita,
mpita uja n'kukhala wopanda kanthu,
phanga lalitali, lozizira.
Mileme n'kulowamo."

Sindinayankhe.
Pamsomali paja pakadali chitenje cha amake,
chaka chachitatu tsopano.
Anzanga kuntchito amati ndinalimba mtima msanga,
amandigunda paphewa ngati akuyesa msewu ngati wauma.
Palibe analowetsapo fosholo.
Inenso sindidziwa ngati m'katimu mukuyendabe moto
kapena mwatsala mileme.

Phula la kandulo lasefukira pathebulo.
Layenda pang'ono, lachita khungu, laima.
Sungeni walibaya ndi nsonga ya cholembera,
m'kati mwatuluka kadontho konyezimira
kakukwawira kubuku.

"Mwaona?"

Ndaona. Sunthira bukulo uko, ndi la eni ake.
Ukamaliza uthimitse.
Tipa yoyamba mawa ikufika folo koloko.